A Kaundula, Mkulu Wosaka Maganizo a Anthu pa Intaneti

Ndinali nditangotsegula kafe yanga ya intaneti m'mawa wa Lachiwiri, ndikupukuta fumbi pamakompyuta, pamene Mayi Asiyatu, telala wa khomo loyandikana ndi langa, analowa osaodira, mpango utawagwera paphewa. Anaima pakati pa chipinda n'kumangondiyang'ana.

"Nambewe, mwamva?"

"Ndamva chiyani?"

"A Kaundula atisiya."

Ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka ndithu. Dzulo lakelo munthuyo anali atandikalipira chifukwa cha mausi, kachida kolozera pakompyuta, yosayenda bwino, ndipo anachoka akundiopseza kuti mawa abwera ndi yawo. Munthu wotero angafe bwanji? Koma Mayi Asiyatu sanaseke. Anati agwa m'mawa womwewo pamsewu wochokera ku Kawale, akubwera kuno ku Biwi wapansi monga mwa masiku onse, ndipo pomwe galimoto yowatengera kuchipatala inkapezeka n'kuti atapita kale. M'thumba la jekete lawo munapezeka mausi, yokulungidwa bwinobwino m'jumbo.

Ndinakhala pansi, pasimenti penipenipo, nsalu yopukutira idakali m'manja. Tsiku limenelo sindinayatse kompyuta ngakhale imodzi.

Dzina lawo lenileni linali Wedisoni Kamtedza, kwawo ku Dedza. La Kaundula analitengera kuntchito. Kwa zaka zoposa makumi atatu anali m'chipinda chosungiramo mafayilo mu ofesi ina ya boma, kulandira makalata, kuwadinda, kuwalemba m'kaundula ndi kuwaika poyenera. Atapuma pantchito dzinalo linawatsatira mpaka kutchalitchi. Anali aafupi, adazi, ndipo tayi sinkachoka m'khosi ngakhale mu Okutobala. Aliyense ankamupatsa ulemu wa "inu", ngakhale mwana wa sukulu, ndipo ine ankandiitana ndi mfunda wanga basi, Nambewe.

Anabwera koyamba m'kafe mwanga chaka chimene makuponi a feteleza anayamba. Ankangofuna kutumiza imelo kwa mlongo wawo. Pakompyuta yapafupi panali mphunzitsi wina amene ankaseka yekha, ndipo a Kaundula, omwe chidwi chinkawaposa manyazi, anasuzumira. Mphunzitsiyo anali kuwerenga bulogu. Masiku amenewo mafoni athu analibe intaneti. Munthu akafuna kunena zakukhosi ankatsegula tsamba lakelake n'kumalembapo zimene akuganiza, ena n'kumayankha ndemanga m'munsi mwake. Ndiwo anali mabuloguwo. Olemba ambiri anali Amalawi a kunja, ena ophunzira a kukoleji, ena anthu apantchito obisa mayina awo.

A Kaundula anawerenga ataima mpaka mphunzitsi uja anawasiyira mpando. Kenako anabwera kwa ine, magalasi ali m'manja.

"Nambewe, zimenezi akuzisunga ndani? Mndandanda wake uli kuti?"

Ndinawauza kuti palibe mndandanda, munthu amangolemba mawu m'bokosi lofufuzira n'kudikira zimene makina ampatse. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti kuchipatala amasunga mankhwala onse m'thumba limodzi.

Kuyambira pamenepo ankafika eyiti koloko, netiweki isanayambe kukwawa, ndipo ankachoka dzuwa lili paliwombo. Nkhani sankazifuna, poti ankati zimenezo wailesi imawapatsa kale. Iwo ankafuna kudziwa zimene anthu akuganiza pa nkhanizo, ndipo apa ndi pamene panali vuto. Ukalemba za makuponi m'bokosi lija, pamwamba pankabwera zolankhula za akuluakulu ndi malipoti ataliatali a Chingerezi. Mawu a munthu wamba ankakhala kutsamba lakhumi, kapena osabwera n'komwe.

Ndiye anayamba kupanga njira yawoyawo. Ankati munthu asananene maganizo ake amayamba watsokomola kaye, ndipo chifuwa chimenecho chimamveka ngakhale polemba. Wina amayamba ndi "ine ndikuona ngati", wina "kunena zoona", wina "abale inu", wina "koma zinazi". Mawu oterewa ankawalemba pamakadi amene ankadula m'mabokosi a tiyi, khadi limodzi mawu amodzi, n'kuwasanja m'mabokosi awiri a nsapato amene ndinkawasungira pansi pa kauntala. Akafuna kusaka, ankatenga mutu wa nkhani n'kuuphatikiza ndi khadi limodzi, n'kutsekera mawuwo m'zizindikiro zotsegulira ndi kutsekera mawu kuti makina asawabalalitse. Akatha ankatenga khadi lina. Motero ankadumpha akuluakulu aja n'kufika kwa anthu.

Anazindikiranso kuti makinawo sadziwa kuti Amalawi chinthu chimodzi timachilemba mosiyanasiyana. Wina alemba feteleza, wina fetereza, wina feteliza, wina m'Chingerezi, ndipo wosaka ndi kalembedwe kamodzi wamva gulu limodzi lokha. Choncho kuseri kwa khadi lililonse ankalembako njira zonse zimene mawuwo angalakwitsidwire. Anali ndi makadi a mawu otamanda, makadi a mawu odandaula, ndi gulu lachitatu limene ankalinyadira kwambiri, la anthu otamanda monyoza. Ankati Mmalawi akalemba kuti "zikomo kwambiri, mwatithandiza", uyambe waona kaye ngati sakutukwana. Makina sangaone zimenezo, ankatero, chifukwa sanakhalepo pamaliro pomwe apongozi akuyamikirana.

Lachisanu lililonse ankalemba pamanja pepala limodzi la zimene apeza sabata imeneyo. Kumanzere ankaika ovomereza, kumanja otsutsa, m'munsi amene sanamveke mbali yawo. Pomaliza ankajambula timizere tiwiri topendekeka, chizolowezi cha kuntchito kwawo chotsekera kalata kuti wina asadzawonjezere mawu. Pepalalo ankalikhoma pabolodi pafupi ndi chitseko changa. Amakaniko a m'magalaja a ku Biwi, atelala ndi amayi ogulitsa zitumbuwa, anthu amene sanagwirepo kompyuta, ankabwera kudzawerenga n'kumakangana pakhonde langa mpaka ndinkachita kuwathamangitsa.

Sanali munthu wophweka kukhala naye. Ankakangana kawirikawiri ndi a Mwale a ku Area 18, amene ankandikonzera makompyuta. A Mwale ankati makina ofufuzira anapangidwa ndi anthu ophunzira kwambiri, ndipo chimene chili pamwamba ndicho chofunika. A Kaundula ankayankha kuti iwo anakhala zaka makumi atatu akuona zimene zimakhala pamwamba pa mulu. Kalata ya bwana inkakhala pamwamba, kalata ya mayi wamasiye wofunsa za penshoni ya mwamuna wake inkakhala pansi mpaka kudyedwa ndi chiswe, ndipo manja oika pansiwo anali awo omwe. Ankati atapuma pantchito ndi pamene anapeza mpata wotembenuza muluwo.

Nanenso tinayambana koopsa. Tsiku lina Lachisanu ndinapeza anthu akuseka pabolodi. A Kaundula anali atapeza bulogu ya mtsikana wina wa kukoleji amene analemba kuti kafe ya ku Biwi ija netiweki yake n'njaulesi, ndipo mwini wake amayankha anthu ngati anakwiyira dziko lonse. Iwo anazikopera bwinobwino n'kukhoma pakhomo panga pomwe. Ndinang'amba pepalalo.

"Abambo, mukundichotsa ulemu pamalo panga?"

"Nambewe, kumanzereko munawerenga? Kunali wina amene anati kafe yanu njaukhondo kuposa onse."

"Ndiye bwanji simunangolemba ameneyo?"

"Ndikanakhala ndanama."

Masiku atatu sitinalankhulane. Iwo ankangobwera, kukhala, kusaka, n'kumapita. Lachisanu lotsatira analembanso pepala lomwe lija osachotsa liwu ndi limodzi lomwe, ndipo ine ndinalisiya.

Koma chimene anthu a ku Biwi ndi ku Kawale amawakumbukira nacho chinachitika zaka ziwiri asanamwalire.

Mayi Asiyatu aja, amene kwawo ndi ku Mangochi, ali ndi mwana wamkazi, Mariamu. Nthawi imeneyo n'kuti atamaliza Fomu 4 n'kumangokhala. Kunabuka kakampani kena m'tauni kotchedwa Khomo la Mwayi, kamene kankalonjeza atsikana ntchito za m'mahotela kunja kwa dziko. Mariamu analembetsa, anapereka pasipoti, ndipo anauzidwa kuti anyamuka pakatha masabata awiri. Amayi ake mtima sunakhale pansi. Anabwera kwa a Kaundula.

"Abambo, anthu amati inu mumadziwa kumva zonenedwa m'makinamu. Tandimverani za kampani imeneyi."

Kusaka koyamba kunabweretsa zokoma zokhazokha. M'munsi mwa mabulogu angapo munali ndemanga za atsikana amene ankati anapita kale: Tadala, Linda, Chikondi ndi ena. Onse ankayamika, onse ankati akudya bwino ndipo akutumiza thandizo kwawo. Mayi Asiyatu anaomba m'manja n'kuyamika Mulungu. A Kaundula sanamwetulire. Anangoti abwerenso Lachinayi.

Mayiwo atachoka, a Kaundula anandiuza kuti chinthu chimene aliyense akuchitamanda, popanda ngakhale mmodzi wodandaula za chakudya kapena kuzizira, sichinakhaleko padziko lino. Anatulutsa makadi a mawu odandaula n'kuyamba kuwaphatikiza ndi dzina la kampaniyo. Tsiku loyamba sanapeze kanthu. Tsiku lachiwiri anayamba kulakwitsa dala dzinalo: Khomo la Mwai, Komo la Mwayi, Khomolamwayi. Cha m'ma leveni koloko ndinamva mpando ukukhulika.

"Nambewe, tabwerani."

Inali bulogu ya namwino wina wa ku Malawi wokhala kunja, ndipo nkhani yake inali ya kusowa kwawo basi. Koma m'munsi mwenimweni munali ndemanga yolembedwa mothamanga, zilembo zina zitasowa. Mtsikanayo anati anabweretsedwa ndi a Khomo la Mwai. Anati kulibe hotela, ali m'nyumba ya anthu, anamulanda pasipoti, chitseko amachikhoma kunja, ndipo akulemba mobera pakompyuta ya mwana wa bwana. Anapempha aliyense wowerenga kuti akauze amayi ake ku Chinsapo, ogulitsa makala pafupi ndi chigayo. Anasayina kuti Enelesi. Ndemangayo inali itakhala pamenepo miyezi inayi popanda woyankha.

Ndinagwira pakamwa. A Kaundula anati ndiisindikize papepala, ndisindikizenso ndemanga zonse zotamanda zija. Anaziyala pakauntala ngati makalata a mu ofesi n'kuyamba kuziwerenga ndi pensulo. Anaona kuti atsikana atatu osiyana analemba mawu ofanana achilendo, akuti "ndagona kutali ndi umphawi". Anasaka mawu amenewo okha, ndipo anatuluka m'mabulogu ena awiri, pansi pa mayina enanso. Anati apa palibe atsikana asanu ndi awiri, pali munthu mmodzi wovala madiresi asanu ndi awiri.

Kenako pensulo inaima. Ndinaona chala chawo chikuyenda kuchoka papepala lina kupita pa lina, kumapeto kwa ndemanga iliyonse. Paliponse panali timizere tiwiri topendekeka.

Anaika pensulo pansi. Atalankhula, mawu awo anali aang'ono.

"Makinawa amakumbukira zimene munthu walemba, eti?"

Ndinati inde, ngati sanafufute. Anandiuza kuti nditsegule imodzi mwa mabulogu aja pakompyuta iliyonse, ndipo pamalo polemba dzina la woyankha ndingoika chilembo T. Pakompyuta yoyamba sipanatuluke kanthu, yachiwiri ndi yachitatu chimodzimodzi. Payachinayi, yapakona, dzina linatsika lokha: Tadala. Ndinaika L, panabwera Linda. Ndinaika C, panabwera Chikondi. Mabodza onse aja anali atalembedwa m'kafe mwanga momwemu, pamaso panga.

"Amakhala pamenepa masana ndani?"

Ndinkadziwa, koma ndinangoyamba kusonkhanitsa mapepala aja. A Kaundula anali ndi mwana wamwamuna, chitsirizira, dzina lake Fanuelo, wa zaka pafupifupi makumi atatu, amene ankakhala kwa makolo ake ku Kawale. Anali waulemu, wovala bwino ngati bambo ake, ndipo ankati amagwira ntchito kukampani ya zamaulendo. Ankabwera cha m'ma folo koloko, bambo ake atapita kalekale, ndipo nthawi zonse ankasankha kompyuta yapakona.

"Iwe Nambewe, ndakufunsa."

Aka kanali koyamba ndi komaliza kunditchula kuti iwe.

"Ndi achimwene a Fanuelo, Abambo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati timizere timeneto anamuphunzitsa okha ali Sitandade 5, tsiku limene ankalemba kalata yake yoyamba yopita kwa agogo ake. Anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Ndinawapatsa madzi, sanamwe. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza zofufuta mayina aja kuti nkhaniyi ithere pakati pa ife awiri, ndipo ndinawauza. Anandiyang'ana ndi maso amene sindidzawaiwala.

"Musakhudze kanthu. Kaitaneni Mayi Asiyatu ndi mwana wawo."

Sanadikire Lachinayi. Anawakhazika pabenchi n'kuwawerengera ndemanga ya Enelesi yonse, kenako anawaonetsa mapepala ena aja. Mariamu anaimirira, misozi ili m'maso, koma inali misozi ya mkwiyo.

"Agogo, munthu mmodzi yekha wadandaula, ena onsewo akusangalala. Inu mwakalambira konkuno, ndiye mukufuna nafenso tikalambire konkuno?"

"Mayi, ena onsewo kulibe. Anawalemba ndi munthu mmodzi."

"Mwadziwa bwanji?"

"Chifukwa ndi mwana wanga."

M'kafe munali anthu ena atatu, ndipo onse anasiya kulemba. Mayi Asiyatu anagwira mutu ndi manja awiri. Mariamu anatuluka akuthamanga, ndipo kwa miyezi yambiri akakumana ndi a Kaundula panjira ankayang'ana kumbali.

Zimene zinachitika kunyumba kwawo sindinazione ndi maso, ndinazimva patapita nthawi. Akuti Fanuelo sanakane. Anati iye ankangopatsidwa mayina ndi kuuzidwa kuti alembe zabwino, za kumene atsikanawo ankapita sankazidziwa, ndipo ntchito ina anaisaka zaka zisanu osaipeza. Bambo ake anamuuza kuti ngati ndi choncho, mawa apitire limodzi kupolisi akanene yekha zimene akudziwa. Kutacha, Fanuelo anali atapita ndi chikwama chimodzi. A Kaundula anavala tayi, ananyamula mapepala aja m'fayilo, n'kupita okha. Dzina la mwana wawo analilemba ndi dzanja lawo.

Apolisi pofika kukaofesi ka Khomo la Mwayi anapeza eni ake atathawa. M'kabati munali mapasipoti a atsikana angapo, ya Mariamu ili momwemo. Za Fanuelo tinangomva mphekesera kuti ali ku Joni.

Patatha sabata, akazi awo a Kaundula, Nachisale, amene anali asanapondepo m'kafe mwanga, anafika n'kuima pakhomo. Sanalowe. Anayang'ana makompyuta onse asanu imodziimodzi, kenako anayang'ana ine.

"Makina anuwa andidyera mwana."

Anatembenuka n'kumapita.

Kutchalitchi anthu anagawikana. Ena ankati a Kaundula ndi munthu wachilungamo, ena ankati bambo weniweni akanayamba wabisa mwana wake kenako n'kumulanga m'nyumba. Iwo sankadziteteza. Dzina la Fanuelo sindinalimvenso pakamwa pawo. Kwa miyezi iwiri pabolodi sipanakhomedwe kanthu, ndipo atayambiranso anali ndi lamulo latsopano. Asanaike maganizo a munthu papepala ankayamba atsimikiza kaye kuti kuseri kwa dzinalo kuli munthu weniweni. Ankati wosaka maganizo aziwerenga anthu, asamawerenge mayina.

Anapita okha ku Chinsapo, kufunsa chigayo ndi chigayo, mpaka anawapeza amayi a Enelesi pamulu wawo wa makala. Mayiwo ankaganiza kuti mwana wawo wangowaiwala chifukwa cha kukoma kwa kunja. A Kaundula anawawerengera pepala lija ataima pamsewu. Anayenda nawo m'maofesi, analembera namwino wa bulogu uja, anayankha m'munsi mwa ndemanga ya Enelesi kuti uthenga wafika ndipo amayi ake ali moyo. Enelesi sanalembenso. Kuyambira pamenepo ola loyamba la m'mawa uliwonse linali lake. Ankasaka dzina lake m'kalembedwe kalikonse, Enelesi, Eneles, Eneless, ankasaka mawu amene anagwiritsa ntchito, ngakhale zilembo zimene ankadumpha polemba. Mwezi uliwonse amayi ake ankabwera wapansi kuchokera ku Chinsapo kudzafunsa, ndipo mwezi uliwonse a Kaundula ankaimirira, kuwapatsa mpando, n'kuwauza zoona, kuti sanapeze kanthu.

Pamaliro awo a Kaundula panadzaza anthu amene achibale sankawadziwa. Amakaniko anabwera ndi maovololo awo. Atelala anzawo a Mayi Asiyatu anakhala mbali imodzi ndi zisoti zawo zoyera, akumvetsera nyimbo za amvano. Mariamu, amene tsopano ali pabanja ndipo amasoka ndi amayi ake, anakhala masiku awiri akutunga madzi ndi kutsuka mbale, mwana ali kumbuyo. Fanuelo sanabwere. Pobwerera kumanda wina anandigwira mkono. Anali amayi a Enelesi.

"Ndiye tsopano andifunira ndani?"

Ndinawalonjeza kuti ndiziyesa, ndipo ndikuyesadi. Makadi ndili nawo, njira ndinaiona kambirimbiri. Koma ndikaphatikiza mawu monga ankachitira iwo, makina amandipatsa zinthu zambirimbiri, ndipo sindidziwa pomwe iwo akanaima n'kunena kuti apa pali munthu.

Sabata yatha Nachisale ananditumizira uthenga kuti ndikawaone. Ndinapita ndi mantha, poti kuyambira tsiku lija pakhomo la kafe tinali tisanalankhulane. Anandilandira bwino. Titamwa tiyi anatenga kiyi n'kunditsogolera kuseri kwa nyumba, kukachipinda koima pakokha pafupi ndi mpanda.

"Kodi munkadziwa kumene amuna anga ankakhala akachoka kwanu masana?"

Ndinati ayi. Anatsegula. Ndinkayembekezera mabuku ndi milu ya mapepala, koma munalibe pepala ngakhale limodzi. Chinali chipinda cha Fanuelo. Bedi linali loyalidwa, bulangete lopindidwa kumiyendo. Malaya atatu ositidwa anali pamsomali, ataphimbidwa ndi nyuzipepala kuti asachite fumbi. Pansi pa bedi panali nsapato zakuda zopolishidwa, ndipo pawindo panali mswachi ndi sopo wosatsegula. Pakati pa chipinda panali mpando umodzi wamatabwa, woyang'ana kuchitseko, ndipo simenti ya patsogolo pake inali yosalala kuposa pena ponse.

Nachisale anati amuna awo ankasesa okha m'menemo tsiku ndi tsiku, osalola wina aliyense, ndipo akatha ankakhala pampandopo chitseko chili chotsegula mpaka nthawi ya chakudya chamadzulo. Zaka ziwiri zonsezo iwo ankawaonera pawindo la kukhitchini, osanena kanthu, chifukwa anali adakali okwiya.

"Ana akuti ndiikemo munthu wa lendi," anatero. "Ine ndakana. Koma kusesa ndikulephera, Nambewe. Ndikafika pakhomopa tsache limandigwa."

Tinaima pakhomo tonse awiri, osalowa. Pamwamba pa nsapato zija fumbi linali litayamba kale kukhala.